Mayi Petronela Namakhwa ndi Nkhata za Okalamba a ku Bangwe

Akhristu anzanga, abambo mfumu andipempha kuti m'kalata ya parishi ya mwezi uno ndilembemo za moyo wa mayi Petronela Namakhwa, amene tinawaika m'manda mwezi wathawu. Poyamba ndinakana. Ndinati pezani wina wofatsa, ine pakamwa panga mumapadziwa, zaka zonse zimene ndinaphunzitsa ana anu ku pulayimale sindinaphunzire kukometsa mawu. Koma abambo anati, "Aphunzitsi, munakhala nawo khomo ndi khomo, wina angalembe ndani?" Ndiye ndalemba. Amene zimuwawe andikhululukire, inenso zikundiwawa.

Mayi Petronela anabadwira ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, m'nyumba za antchito. Makolo awo anali Alomwe ochokera ku Mozambiki, amene anathawa chikoti cha Apwitikizi n'kudzapeza thangata kuno. Analibe munda wawowawo, analibenso mudzi woti n'kuloza kuti kwathu ndi uko. Petronela anayamba kuthyola tiyi akadali kamtsikana, dengu lowaposa msinkhu lili kumsana. Sukulu anangoilawa, mpaka pongodziwa kuwerenga buku la mapemphero. Asisitere a pa mishoni yapafupi anawatenga kuti aziwathandiza kusesa m'tchalitchi, ndipo kumeneko ndi kumene anabatizidwa. Anaphunziranso kusoka, ndi kupanga maluwa a mapepala okongoletsera guwa m'chilimwe, maluwa enieni akauma.

Anakwatiwa ndi bambo Alfred Namakhwa, amene ankagwira ntchito ya njanji ku Limbe, ndipo anadzamanga kuno ku Bangwe kukadali tchire. Mulungu anawapatsa ana anayi, koma awiri anamwalira ali makanda. A Alfred, tisabise, botolo ankalikonda, ndipo masiku ambiri pakhomopo pankadyedwa chifukwa cha zitumbuwa zimene mayiyu ankagulitsa pamsika. Koma Misa ya m'mawa sankaphonya, kaya kugwe mvula, kaya kuchite chiperoni. Amayi anzawo a gulu la mapemphero la Alejio akamadandaula za amuna awo, iwo ankangoseka n'kunena kuti, "Mtanda si chitenje choti usankhe mtundu." A Alfred atadwala chifuwa, mayiyu anawasamala mpaka mapeto, ndipo bamboyo anamwalira atalapa.

Chaka cha riferendamu, dziko lonse likukangana za nyali ndi tambala wakuda, mwana wawo Evance, amene ankayendetsa malole, anabwerera kunyumba atawonda. Matenda aja sitinkawatchula dzina, tinkangoti matenda a masiku ano. Evance anapita. Sipanatenge nthawi, mlongo wake Ursula anagona pa mphasa yomweyo, ndipo anatsogoza khanda lake asanapite yekha. Ndinalipo poika Ursula. Mayi Petronela sanadzigwetse pansi monga achitira ena. Anangotambasula manja n'kunena motsitsa kuti, "Ambuye, mwandisiyira manja awiri opanda woti ndimugwire. Mundiuze chochita nawo."

Zaka zimenezo mukuzikumbuka. Matipate anabwera, tinavina, tinati zinthu zasintha. Pakamwa panamasukadi, mavenda anadzaza m'misewu ya Limbe, makampani ena anatseka. Koma chimene sitinachione msanga n'chakuti imfa inali itayambira kumbuyo kwa mzere. Ana ndiwo ankapita, makolo n'kumatsala. Wokalamba wa kumudzi amakhala ndi mbumba yomuzungulira, koma wa m'tauni muno, amene makolo ake anachokera kutsidya kwa malire, mwana womulipirira lendi akamwalira, eni nyumba amafuna nyumba yawo. Tinayamba kupeza nkhalamba zikugona pakhonde la tchalitchi ndi m'mashedi a pamsika.

Kuseri kwa tchalitchi chathu kunali nyumba yakale imene tinkasungiramo chimanga cha chithandizo nthawi ya chilala. Bungwe la parishi linagwirizana kuti ikonzedwe, igawidwe zipinda, muzikhala okalamba opanda abale. Malimana, timagulu tathu ta akhristu okhala dera limodzi, anavomera kusinthana kupititsa ufa ndi ndiwo. Chinasowa ndi munthu wokhala nawo okalambawo. Abambo atafunsa m'tchalitchi, munali zii, aliyense akuyang'ana pansi. Mayi Petronela anaimirira n'kunena kuti, "Kwanga kulibe wondidikira. Ndipita ine." Anatseka nyumba yawo, ananyamula mphasa, kolona ndi sizasi, n'kusamukira kumeneko.

Mwa okhalamo nditchule awiri. Woyamba ndi a Laurenti, amene anali telala pakhonde la sitolo ina ku Limbe kuyambira ali mnyamata. Maso awo anali atachita ng'ala, ndipo makina awo osokera anawagulitsa poika maliro a ana awo. Wachiwiri ndi agogo Zeinabu, Msilamu, amene ankagulitsa nsomba zouma mpaka miyendo itakana. Ena anang'ung'udza kuti Msilamu alowa bwanji m'nyumba ya mpingo. Mayi Petronela anawafunsa kuti, "Kodi njala yawoyo ndi ya chipembedzo chanji?" Anawasungira poto ndi mbale zawozawo, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Patapita miyezi ingapo ndinakawachezera. Ndinapeza nkhalamba zili ndandanda pakhonde, zitatsamira khoma. Dzuwa likasuntha, nawo ankasuntha mipando, popanda ndi mmodzi yemwe wolankhula. Ine ndinati, "Mayi, ntchito mukuigwira. Anthu anu akudya, akufunda, akusamba."

Anandikokera pambali. "Aphunzitsi, kodi mukuona bwino inu? Tikuwaweta ngati nkhuku za m'khola. Akudya inde, koma anthuwa afa kale, akungodikira bokosi. Munthu akadziwa kuti palibe amene akumudikira kuti amuchitire kanthu, m'mawa adzukirenji? Ine ndikudziwa, ndinalawako."

Kuyambira pamenepo nkhondo ya moyo wawo inali imodzi yokha, yoti okalamba aja asafe akadali moyo. Anayamba ndi kadimba ka mpiru ndi tomato kuseri kwa nyumba. Mipopi inauma, ndipo zotsala zinathera mbuzi za aneba ndi akuba. Anapempha bawo, azibambo anasewera ndithu, a Laurenti n'kumanenedwa kuti maso saona koma kuba timiyala amatha. Koma bawo ndi masewera chabe, linawakwana. Anayesa kuluka mikeka, koma panalibe woifuna. Anayesa kwaya, koma nyimbo iliyonse inkakumbutsa wina mwana wake, ndipo ankayamba ndi kuimba n'kumaliza ndi kulira. Wina akanagwa ulesi. Mayiyu ankangopita ku Misa, kugwada nthawi yaitali, n'kubwerako ndi nzeru ina.

Nzeru ya nkhata inawabwerera kumanda. Kunali maliro a mnyamata wina wosauka, ndipo nthawi yoika nkhata za maluwa itakwana, panalibe ndi imodzi yomwe, chifukwa nkhata za ku Limbe zinali za anthu opata. Mayi wa malemuyo anangoima n'kumayang'ana dothi lofiira. Mayi Petronela anakumbukira luso la kwa asisitere lija. Anatolera waya wa m'matayala otha, mapepala a matumba a simenti ndi majumbo a mitundumitundu, n'kukaziunjika pakhonde paja. Aliyense anamupatsa mbali yake malinga ndi mphamvu zake. Wina ankatsuka majumbo, wina kuwongola waya, wina kungosankhula mitundu. Sizasi anaipereka kwa a Laurenti. Anaigwira, anaitsegula ndi kuitseka pafupi ndi khutu, kenako anayamba kudula maluwa mofanana ndendende, mongokhudza ndi zala. Agogo Zeinabu anati, "Kwathu ku Chisilamu sitiika nkhata pamanda, koma zala zanga zikuyabwa. Bweretsani wayayo ndipinde."

Abale inu, mukanaona! Pakhonde paja panabuka phokoso. Ankakangana za mitundu, kunyozana kuti duwa lako lakhota ngati mwini wake. A Laurenti anayambanso kumeta ndevu ndi kuvala jekete. Nkhatazo ankazipereka ulere kwa aliyense wosowa, ndipo amene ankatha kuyenda ankaziperekeza okha ku maliro. Kumanda wolengeza akaitana kuti, "Tsopano agogo a ku parishi," a Laurenti ankayenda chowongoka, ndodo ili m'khwapa, nkhata ili m'manja. Ofedwa ankawagwira dzanja n'kuwathokoza. Anthu amene dziko linawaiwala anayamba kuitanidwa pagulu. Maliro n'kulirana, ndipo nkhalamba zimene zinaika ana awo onse zinapeza njira yolirira ndi anzawo.

Poyamba ankatsata mwambo umene tonse timaudziwa, woti za maliro sakonzeratu. Manda sakumba munthu akupuma, nsalu sagula wodwala akumva. Ankadikira uthenga wa maliro, ukafika m'pamene ankayamba kupinda waya. Koma maliro anachuluka, ndipo zala za nkhalamba sizithamanga. Tsiku lina anamaliza nkhata mochedwa, n'kukumana ndi anthu akuchokera kale kumanda. A Laurenti anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, nkhata ili pamwendo, n'kulira ngati mwana. Komanso masiku opanda uthenga, okalamba aja ankabwerera kukhala chete.

Mayi Petronela atalingalira, anati, "Tizipanga tsiku lililonse, tizizipachika m'nyumba. Uthenga ukabwera, tizingotenga n'kupereka."

Agogo Zeinabu anapukusa mutu. "Mayi, zimenezo ayi. Anthu akaziona adzati tikudikira ana awo."

"Nanga okhoma mabokosi aja kumsewu," anatero mayi Petronela, "si amawayala panja dzuwa likuswa mtengo? Wawanena ndani?"

"Iwowo ndi anyamata, mano ali nawo onse," anayankha agogo Zeinabu. "Ife ndife nkhalamba za maso ofiira, zimene ana athu anatha ife n'kutsala. Simukudziwa mmene amatitchulira?"

Mayi Petronela ankadziwa. Koma mtima wawo unali pa chinthu chimodzi, choti anthu awo asakhale manja lende, ndipo ankakhulupirira kuti akhristu amene analandira nkhata zija ndi misozi sangaganize zoipa. Pamenepa m'pamene analakwitsa, ndipo analakwitsa chifukwa cha chikondi. Nkhata zinayamba kuchuluka pakhoma la chipinda chapakati, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, pakuti ana nawonso ankamwalira.

Panali mtsikana wina wa m'kwaya yathu, dzina lake Lonjezo, amene kwawo kunali pafupi ndi tchalitchi. Lamulungu lililonse potuluka mu Misa ankadzera kwa okalamba aja kukawapatsa moni. Mtsikanayu ankawatchula a Laurenti kuti amuna anga, monga achitira adzukulu pocheza ndi agogo awo, iwo n'kumayankha kuti mkazi wanga wandithawa sabata yonse. Lonjezo anadwala. Anawonda mpaka aliyense ankaona kumene zinkalowera, ngakhale panalibe wotchula. A Laurenti, osauza munthu, anayamba kumupangira nkhata yakeyake, yoyera ndi yachikasu. Anaipanga pang'onopang'ono, akumasula duwa lililonse limene zala zawo sizinakhutire nalo.

Lonjezo anamwalira m'mawa, ife tili mu Misa pamodzi ndi mayi Petronela. A Laurenti anamva kulira kwa amayi, anazindikira kumene kunkachokera. Anavala jekete, anatsitsa nkhata ija, n'kuuyamba ulendo ndi ndodo yawo. Anafika pakhomopo masamba odziwitsa maliro asanaikidwe n'komwe pamsewu, thupi likadali pa mphasa. Pabwalo panali mlongo wake wa malemuyo, Kondie, amene amagulitsa zovala za kaunjika ku Limbe. A Laurenti anamupatsa nkhata ija ndi manja awiri, misozi ikutsika, n'kunena kuti, "Mwanangu, lero sindinachedwe. Ya Lonjezo ndinakonzeratu kalekale, ndi manja angawa."

Anthu amene analipo akuti kulira kunaleka kamodzin'kamodzi.

"Munakonzeratu?" anatero Kondie. "Madala, anakuuzani ndani kuti mlongo wanga afa?"

A Laurenti, posamva kumene funsolo linkalowera, anafuna kumukhazika mtima pansi. "Iyayi mwanangu, si ya iye yekha. Tili nazo zambiri kunyumba, za akulu ndi za ana zomwe."

Kalanga ine! Potuluka mu Misa tinaona chikhamu cha anthu chikuthamangira kuseri kwa tchalitchi, a Laurenti akukokedwa ndi jekete. Anyamata analowa m'nyumba muja n'kuyamba kutulutsa nkhata. Mayi wina ananyamula kankhata kakang'ono n'kukuwa kuti, "Aka n'ka mwana wa yani? N'ka wanga amene akudwala uja?" Ena anayankha kuti, "Mfiti izi! Amene akutimalizawa ndi omwewa!" Kondie sindimuweruza kwambiri. Munthu akaferedwa amafuna woti amugwire pakhosi, ndipo matenda aja analibe khosi. Koma m'gulumo munali akhristu odya Ukaristiya, ena mwa iwo olandira nkhata zaulere miyezi yapitayo, ndipo zimenezi zimandinyansa mpaka lero.

Mayi Petronela anapyola pakati pa anthuwo, analanda a Laurenti n'kuwakankhira m'nyumba, iwo n'kuima pakhomo kolona ili m'manja. Anati, "Analamula kuti zikonzedwe ndine. Ngati pali mfiti pano, yambani ndi ine. Evance ndi Ursula ali kumanda komweko. Nawonso ndinawadya ndine?" Mwala unachokera kumbuyo n'kuwatema pachipumi. Sanapukute magaziwo, ndipo sanachoke pakhomopo mpaka abambo mfumu atafika. Anthu anabwerera m'mbuyo, koma asanabalalike anaunjika nkhata zonse pabwalo n'kuzitentha. Okalamba aja ankaonerera pawindo, utsi wa majumbo ukulowa m'nyumba.

Mawa lake mayiyu anapita ku maliro a Lonjezo atamanga nsalu pachipumi, atasenza mtolo wa nkhuni monga achitira mnansi aliyense. Anakhala kumbuyo, ndipo panalibe wowalankhula.

Bungwe la parishi linakumana sabata yomweyo. Linagamula kuti, pofuna mtendere ndi chitetezo cha okalamba eni ake, nkhata zilekeke, ndipo okhala m'nyumba ija asamapitenso ku maliro kapena kukaona odwala. Mayi Petronela anagwada pamaso pa anthu amene ena mwa iwo anali a msinkhu wa ana awo. Anati, "Ndinalakwa ndine. Agogo Zeinabu anandichenjeza, ine sindinamve. Ndilangeni ine, ndichotseni ngati mufuna. Koma musawalande ntchito anthuwa. Tibwerera kudikira uthenga ngati kale."

Wapampando anayankha mwaulemu ndithu. "Mayi, ngakhale titalola, ndani m'Bangwe muno angalandirenso nkhata yochokera m'nyumba imeneyo?"

Mayi Petronela anangoti, "Ndamva." Anamveradi, ndipo sindinawamvepo akunena zoipa za bungwe, za Kondie, kapena za amene anaponya mwala. Wina akayamba nkhaniyo ankangoti, "Alekeni, nawonso ali ndi mabala."

Zotsatira zake ndi zimene zimandivuta kulemba. Ufa unkabwerabe, poti ife pa nkhani ya ufa ndife akhristu okhulupirika, koma ambiri ankausiya pakhomo n'kubwerera msangamsanga. Ana analetsedwa kudutsa kumeneko. Mayi Petronela anayenda m'misika kupempha ntchito ina iliyonse. Kwa amayi ogulitsa mtedza anati, "Tipatseni tikusendereni, simulipira kanthu." Kwa atelala anati, "Tipatseni zopinda m'mphepete." Onse ankayankha mofanana, kuti amayi, ife tilibe nanu chifukwa, koma makasitomala akamva titani? Ankabwerera madzulo miyendo itatupa, alibe chowauza anthu awo.

Posowa pogwira anachita chinthu chimene anandiuza okha akulira. Anatenga nyemba zimene limana lina linabweretsa, anazisakaniza ndi chimanga ndi timiyala, n'kuuza okalamba aja kuti pali mayi wina wa pamsika wapempha kuti amusankhire. Anasankha mokondwa tsiku lonse. Mayiyu anazitenga ngati akukapereka, anakazisakanizanso kuseri, m'mawa n'kubwera nazo ngati zina. Zinayenda choncho kwa kanthawi, mpaka tsiku lina a Laurenti anaimitsa dzanja m'lichero.

"Mayi Namakhwa," anatero, "kamwala aka n'kadzulo. Ndakazindikira, kali ndi kansonga mbali imodzi. Dzana ndinakachotsanso."



"Ndine wakhungu, koma sindine mwana," anapitiriza a Laurenti, mosakalipa konse. "Musadzivutitse, mayi, mwayesetsa. Taona tokha kuti dziko latha nafe ntchito." Anaika lichero pansi, anafufuza ndodo yawo, n'kulowa m'chipinda.

Sanatulukenso kudzakhala pakhonde. Sankadandaula kupweteka paliponse, ndipo adokotala atawayeza sanapeze nthenda yoti n'kuitchula. Ankadya pang'ono pofuna kusangalatsa mayi Petronela, kenako anasiya. Anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Ku maliro awo tinalipo ochepa, ndipo pamanda a munthu amene anakongoletsa manda a anthu ambiri sipanaikidwe kanthu.

Mayi Petronela anapitiriza kuphika, kuchapa ndi kusambitsa anthu awo. Ankawatsogolerabe kolona madzulo, agogo Zeinabu akuchita mapemphero awo pambali. Koma mphamvu zinali zikutha. Miyendo inatupa, mtima unayamba kuvuta, ndipo kuchipatala atawagoneka masiku ochepa anapempha kubwerera, akuti anthu anga atsala okha. M'nyengo ya Lenti ya chaka chino anagona osadzukanso. Abambo mfumu anawadzoza mafuta a odwala ndi kuwapatsa Ukaristiya.

Ndinakawaona tsiku lomwelo. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndikafika kumeneko ndikayankha chiyani? Anandipatsa anthu, ndinawadzutsa, kenako ndinawagwetsa kuposa mmene ndinawapezera."

Ndinati, "Mayi, Mulungu si bungwe la parishi. Iye anaona chimene chinali mumtima mwanu."

Anamwetulira pang'ono. "Pakamwa panu mpaka lero, aphunzitsi." Anapuma, kenako anati, "Mukawauze anzathu. Akamabwera kuno asamabwere ndi ufa wokha. Azibwera ndi malaya othothoka batani. Aziwapempha kanthu anthuwa, ngakhale kakang'ono."

Anamwalira mawa lake masana, mwakachetechete, kolona ili pachifuwa. Agogo Zeinabu anali atawagwira mapazi, okalamba ena akunena Tikuoneni Maria ndi mawu awo onjenjemera. Nkhope yawo inali yowala ndi yofatsa, ndipo ine sindikayika kuti anakalandiridwa bwino.

Pa maliro awo tchalitchi chinadzaza. Oyankhula anayankhula, aliyense akuti tataya mayi wa osauka. Koma chigamulo chija chinali chisanachotsedwe, ndipo panalibe amene anachikumbukira. Okalamba aja anatsala pakhonde. Bokosi likudutsa anaimirira, amene sakanatha kuima anagwirizidwa ndi anzawo, ndipo anatiyang'ana mpaka titakhota.

Chitsanzo atisiyira mayi ameneyu n'chosavuta kuchimva. Munthu wokalamba safuna mbale yokha, amafuna kuti wina amufune. Anatiphunzitsa zimenezi ndi thukuta, ndi magazi a pachipumi, ngakhale ndi kulakwitsa kwawo komwe. Koma kunena zoona, sindikudziwa ngati chitsanzochi chili ndi wochitola. Chichokereni maliro, abambo akhala akufunsa Lamulungu lililonse kuti ndani alowe m'malo mwawo, ndipo m'tchalitchi mukumakhala zii.

Sabata yatha linali gawo la limana lathu kupititsa ufa. Ndinatenganso malaya anga oyera, batani lake lili m'thumba, pamodzi ndi singano ndi ulusi. Ndinapeza agogo Zeinabu pakhonde. Ndinati, "Agogo, ndabwera ndi pempho. Ine maso akuvuta, mundisokereko batanili."

Analandira malayawo. Anawatembenuza, anapeza pamene panathothoka batani, anapasisita ndi chala nthawi yaitali. Ndinaona kuti zala zikufuna. Kenako anawapinda bwinobwino n'kundibwezera.

"Aphunzitsi, tengani," anatero. "Inunso mwakula. Mukadzadwala mawa, adzati ndinasokereramo kanthu."

Ndinayesa kuwanyengerera, koma anayang'ana kumbali. Ndinabwerera kunyumba malaya ali m'manja.

Mzimu wa mayi Petronela Namakhwa, mwa chifundo cha Mulungu, uuse mumtendere. Koma pamene mukuyankha kuti Amen, dziwani kuti kuseri kwa khoma la tchalitchi chathu kuli anthu amene tsopano akuopa ngakhale kugwira singano.